Botolo la alamu

Botolo lija lili pamwamba pa firiji, K350 yanga yapita nalo. Ndikulemba nditadzikulunga m'bulangete, mphuno imodzi yatsekeka, Chisomo akutsokomola kuchipinda. Kuzizira kwa Julaye kuno ku Chilenje kumalowa mpaka m'mafupa, koma chondisowetsa tulo si kuzizira ayi.

Alamu anatulukira cha m'ma 16 kuchokera ku Matero, ndi chikwama chawo chachikulu chija chimene sichiyenda chopanda malonda. Ndinangoyetsemula kamodzi, iwo basi: "Amake Chisomo, chimfine chimenechi mukuchilekerera dala. Chitetezo cha m'thupi mwanu chatsika." Botolo latuluka kale. Echinacea. Papepala lake ajambulapo duwa la pepo lokhala ndi mutu waminga pakati. Anandidonthezera pang'ono pa lilime, lilime n'kuyamba kunyerenyetsa ngati lachita dzanzi. "Mwamva? Ndiye kuti wayamba kugwira ntchito."

Mpaka apo ndinkangoseka. Chinandilasa mtima chinali cha pa mbaula. Ndinali nditatereka poto wa masamba a bulugamu ndi mandimu kuti tifukize usiku. Alamu anavundukula, anakwinya mphuno, amvekere: "Mukadali pa za kumudzi izi? Anzanu anasiya kalekale."

Za kumudzi! Agogo anga ku Katete ankatifunditsa bulangete pamwamba pa poto ngati ameneyu, ife tikulira kuti tikupsa, iwo atagwira ngodya zonse kuti nthunzi isathawe. Sanatiuzepo kuti akukweza chitetezo cha munthu. Ankangoti mphuno itseguke, mwana agone. Ndinafuna kuyankha, mawu anakakamira pakhosi, ndinangoti, "Tiyeni timwe tiyi, alamu."

Atapita ndinakhala ndi foni mpaka batire kutsala pang'ono kutha, mwina pofuna kupeza chowabwezera. Kodi mukudziwa kuti echinacea nayenso ndi wa kumudzi? Kungoti mudzi wake uli kutali. Ndi duwa la m'tchire la ku North America, ndipo eni nthaka a kumeneko, monga a Lakota, ankatafuna muzu wake dzino likamawawa kapena pakhosi pakachita zilonda, ena ankaugwiritsa ntchito munthu akalumidwa ndi njoka. Anthu a ku Germany ndiwo anadzautchukitsa ku Ulaya n'kuuika m'mabotolo. Dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kanungu, chifukwa cha minga ija. Ndipo ndi mbale wake wa mpendadzuwa ndi chisoso, inde chisoso chomwechi timathyola kuseri kwa nyumba n'kutendera. Apa ndinaseka ndekha ngati wopenga. Muzu wa agogo a eni ake ukakwera ndege umasanduka wapamwamba, wa agogo anga ukhala wochititsa manyazi.

Nanga umachiza? Mu 2014 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anasonkhanitsa kafukufuku 24 wokhudza anthu oposa 4,600. Sanapeze umboni wolimba woti umachiza chimfine chikayamba kale, kungoti mwina umachepetsako pang'ono mpata wochitenga. Ku Wisconsin, ku America, mu 2010 anayesa anthu 719, omwa echinacea anachira msanga ndi theka la tsiku chabe, kusiyana kochepa koti kungachitike mwamwayi. Chimfine n'cha kachirombo ka vairasi, chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku khumi. Ukayamba kumwa tsiku lachinayi, lachisanu ndi chiwiri wadzuka, uthokoza botolo. Kunena chilungamo bulugamu wanganso sapha kachirombo. Koma masamba ake ndimathyola ulele panjira.

Chimene chandiopsa n'china. Alamu ananena kuti Chisomo ndizimupatsa madontho khumi m'mawa ndi madzulo. Mwanayu ali ndi zaka 7, ndipo ali ndi mphumu. Ku Britain, kuyambira 2012, oyang'anira mankhwala analangiza kuti ana osakwana zaka 12 asamapatsidwe echinacea, chifukwa ena amatuluka zidzolo, kutupa nkhope, ngakhale kubanika. Ndikanakhala kuti sindinakwiye ndi nkhani ya poto, bwenzi nditamumwetsa asanagone. Ndikaganiza zimenezo m'mimba mumachita kuti myuu.

Ndiye ndinaguliranji? Funso limeneli ndi limene landikhalitsa maso. Amuna awo a alamu ntchito inatha chaka chatha. Alamuwo analipira ndalama kuti alowe m'gulu logulitsa zimenezi, makatoni adzaza pakona m'chipinda chawo, ndinawaona ndi maso anga. Ndipo ndi alamu omwewa amene anagona pampando m'chipatala masiku asanu ine nditachitidwa opaleshoni ya Chisomo, kundichapira, kundiphikira phala, pamene abale anga enieni anali kutali. Munthu wotere ungamuuze kuti malonda ake ndi theka la tsiku? Sakunama dala. Amakhulupirira ndi mtima wonse, nawonso amamwa tsiku lililonse.

Bambo a Chisomo nditawafotokozera anangoti, "Mwathandiza m'bale, vuto lili pati?" n'kubwerera ku mpira wawo. Amuna inu. Mwina ine ndi amene ndikukulitsa nkhani, chimfine chimandichititsa ukali, dzulo lomweli ndinakalipira kondakitala chifukwa cha chenji cha K1.

Posachedwapa foni yalira, WhatsApp. "Mwamupatsa mwana? Lamlungu muwauzeko amayi a kumpingo, ndibweretsa ena asanu." Ndalemba za mphumu, ndafufuta. Ndalemba kuti ndifunsa kaye anamwino kukiliniki, ndafufutanso, chifukwa adziwa kuti sindikuwakhulupirira. Aona kale kuti ndawerenga.

Makala azilala, poto uja wazizira. Chisomo watsokomolanso, ndikaonjezere makala kaye.