Mafilimu a Pamadzi: Pomwe Ndafika Mwezi Uno

Mwezi uno ndinasankha kuonera mafilimu okhawo amene nkhani yake imachitikira pamadzi, akale ndi atsopano omwe, posatengera kuti ndi oopsa, achikondi kapena a moyo wa tsiku ndi tsiku. Ife a kuno ku Mangochi nyanja timaidziwa monga malo a ntchito, choncho ndinafuna kuona ngati opanga mafilimu a m'mayiko ena amaiona chimodzimodzi, kapena amangoiika kumbuyo kuti chithunzi chikongole.

Imene yanditengera nthawi yambiri ndi La Terra Trema ya Luchino Visconti, ya m'chaka cha 1948. Ndi filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yotalika kuposa maola awiri ndi theka, ndipo inajambulidwa m'mudzi wa asodzi wa Aci Trezza pa chilumba cha Sicily. Visconti sanatenge akatswiri a zisudzo, koma anagwiritsa ntchito asodzi enieni a m'mudzimo, amene ankayankhula chiyankhulo chawo cha Chisisiliya chomwe anthu ambiri a kumadera ena a Italy sankachimva. Nkhani yake ndi ya mnyamata wotchedwa 'Ntoni, amene watopa ndi ogula nsomba a pikulitsa omwe amaika okha mtengo pagombe. Iye akupereka nyumba ya makolo ake ngati chikole kubanki kuti banja lawo lizidziyimira palokha, ndipo poyamba zinthu zikuyenda bwino, mpaka akudzaza migolo ya tinsomba tothira mchere, tofanana ndithu ndi usipa wathu. Kenaka akulowa m'madzi tsiku la namondwe chifukwa ngongole siidikira kuti mphepo ileke, boti likuwonongeka, tinsombato akutigulitsa motchipa kwa anthu omwewo amene ankawathawa, ndipo nyumba ikulandidwa.

Aliyense amene anaimako pagombe la Makawa kapena ku Malembo m'bandakucha, pamene mabwato a usipa akukocheza ndipo ogula ali kale chire ndi mabeseni awo, filimuyi angaimve ngakhale osawerenga mawu olembedwa m'munsi. Chimene ndachiphunzira pa filimuyi ndi kuyang'ana manja. Pali chigawo china pamene banja lonse, amayi ndi ana omwe, likuthira mchere nsomba uku likuseka, ndipo kamera sikuthamanga, ikungokhala nawo. Manja amenewo akudziwa ntchito, sakuyerekeza. Chimwemwe cha chigawo chimenechi ndi chimene chimachititsa kuti kugwa kwa banjali kupweteke mumtima, ndipo ndikukhulupirira kuti chikanafupikitsidwa, filimu yonse ikanachepa mphamvu.

Nditamaliza imeneyi ndinabwerera ku filimu yathu, The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah ya 2012, imene ikukamba za msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene kale zinkamuyendera, koma tsopano nsomba zachepa ndipo ntchito zokopa alendo zikusintha makhalidwe a m'banja mwake. Kuziika pamodzi ziwirizi kwandithandiza kuona kusiyana kwake. Kwa Visconti mdani ali ndi nkhope, ndi wogula nsomba uja, pamene kwa Joyah palibe munthu mmodzi amene ungamuloze chala, chifukwa chimene chikuphwanya banja ndi kusintha kwa nyanja ndi gombe lomwe. Ndimaona kuti m'malo ena Joyah amalola anthu ake kuyankhula kwambiri pa zinthu zimene chithunzi chikanatha kunena chokha, komabe funso limene anafunsa likadali lamoyo kwa aliyense woyenda mumsewu wa ku Monkey Bay, kumene malo ogona alendo ndi midzi ya asodzi zikugawana gombe limodzi.

Jaws ya Steven Spielberg ya 1975 ndinaionera pofuna kupumulako, ndipo sindikhalitsapo. Chidole cha shaki chimene anapanga chinkawonongeka kawirikawiri pojambula, motero chilombocho chimaoneka mochedwa, ndipo mantha ambiri amabwera ndi nyimbo ya John Williams pamodzi ndi migolo yachikasu yoyandama imene shakiyo ikukoka pansi pa madzi. Luso lake ndi lalikulu, ngakhale kuti nyanja yake ndi yoopseza chabe, si yodyetsa anthu.

Imene yandidabwitsa ndi Atlantique ya Mati Diop ya 2019, yomwe inapata mphoto ya Grand Prix pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Anyamata omanga nyumba yosanja ku Dakar, atagwira ntchito miyezi ingapo osalipidwa, akukwera boti usiku kulowera ku Spain ndipo sakufika. Pambuyo pake mizimu yawo ikulowa mwa atsikana amene anawasiya, n'kumapita kwa bwana wa anyamatawo usiku kukafunsa malipiro. Ulendo wa pamadziwo sitiuona konse. Timangoona nyanja kuchokera kumtunda, monga mmene amaionera mayi amene mwamuna wake wapita kukaponya chilimira mwera utayamba. Ndi filimu ya mizimu, ya chikondi komanso ya anthu ogwira ntchito nthawi imodzi, ndipo palibe mbali imene ikupondereza inzake.

Chimene chasintha pa kaoneredwe kanga ndi chakuti tsopano zigawo zina ndimazionera kachiwiri nditatseka mawu, kuti ndione ngati chithunzi chikufotokoza nkhani pachokha. La Terra Trema ndi Atlantique zimapambana mayeso amenewa mosavuta. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zoonetsera mavidiyo, momwe womasulira amayankhula m'Chichewa pamwamba pa filimu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ngakhale ndimalemekeza luso la anyamata amenewa, makutu athu anazolowera kuuzidwa zonse. Mwezi wamawa ndikufuna kupita kumene kulibiretu mawu oyankhula, ndipo ndiyamba ndi City Lights ya Charlie Chaplin ya 1931, imene anaipanga popanda makambirano omveka pa nthawi imene Hollywood yonse inali itasamukira kale ku mafilimu oyankhula.