Lachinayi ku Luwinga, mkangano wa ma codon

Lero kwacha ndi kamvula kowaza kaja ka kuno ku Mzuzu, moti ndafika ku Luwinga pa kabaza jekete litanyowa. Masana tinakhala pagulu kukonzekera mayeso a genetics, koma funso limodzi linatidyera nthawi yonse: kodi codon ikasintha koma amino acid osasintha, puloteni imakhalabe yomweyo?

Codon ndi kagulu ka zilembo zitatu za mu jini kamene kamaimira amino acid imodzi, ndipo ma amino acid ndi tizidutswa tomwe timalumikizana kupanga puloteni. Ma codon alipo 64. Atatu ndi oimitsa kupangidwa kwa puloteni, ndipo 61 otsalawo amagawana ma amino acid 20 okha, mwakuti leucine ali ndi ma codon 6 pomwe methionine ali ndi imodzi. Mnzanga wina wa ku Dedza anati, "Aise, ngati amino acid sanasinthe, puloteni ndi yomweyo basi." Anatchula Anfinsen, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1972 atasonyeza kuti mndandanda wa ma amino acid ndi umene umalamula kapindikidwe ka puloteni.

Ine ndinakana. Puloteni simadikira kuti ithe kupangidwa, imayamba kupindika ikadali kutuluka mu ribosome, kamakina ka m'selo kopangira mapuloteni. Ribosome ikafika pa codon imene tRNA yake (kanthu kobweretsa amino acid ku ribosome) ndi yosowa m'selo, imachedwako, ndipo chigawo chomwe chatuluka kale chimapeza mpata wopindika chinzake chisanabwere. Zili ngati kuphika nsima: ufa womwewo, madzi omwewo, koma ukathira mopupuluma imatuluka ya mibulu. Ndinawakumbutsa za kafukufuku wa mu 2007 m'magazini ya Science wokhudza jini ya MDR1, imene puloteni yake imapopa mankhwala kuwatulutsa m'selo. Codon inasintha, amino acid osasintha, koma puloteniyo inayamba kugwira mankhwala ena mosiyana.

Chimene chikundikhudza kwambiri ndi malungo. Mu DNA ya Plasmodium falciparum, kachirombo koyambitsa malungo, pafupifupi 80 peresenti ya zilembo zake ndi A ndi T, ndiye ma codon amene kachiromboka kamakonda si amene E. coli, bakiteriya amene ofufuza amapangiramo mapuloteni, amakonda. Ukaika jini yake mu E. coli, kawirikawiri puloteni imatuluka yochepa, kapena yopindika molakwika n'kuunjikana. Ofufuza ena anaona kuti kuika ma codon othamanga paliponse sikuthandiza nthawi zonse, choncho amasiya dala ochedwa pamalo pomwe kachiromboko kamachedwanso. Asilikali a m'thupi nthawi zambiri amazindikira puloteni ndi maonekedwe ake, ndiye wopanga katemera sangazitenge mopepuka zimenezi. Katemera wa malungo wa RTS,S amene anayamba kuperekedwa kwa ana kuno ku Malawi mu 2019, puloteni yake amaipangira mu yisiti. Ndikaganiza za ana a kwathu kunyanja, phunziroli silindilemeranso.

Mnzanga uja sanagonje. Akuti si codon iliyonse imene ikasintha imabweretsa vuto, ndipo pamenepo akunena zoona. Tinagula chimanga chootcha pamsewu, tinasiyana titapangana kuti mawa tikawafunse aphunzitsi kalasi ikatha.