Lachinayi: Porsche yakuda, polishi ndi wakisi

Ntchito ya lero inali yopolisha ndi kupaka wakisi galimoto ya Porsche 911 yakuda. Pamthunzi imaoneka yonyezimira bwino, koma kungoiunika ndi tochi ya LED, boneti ndi zitseko zinali timizere tokhatokha tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Timizere totere timachokera ku katsukidwe: siponji yamchenga, kupukuta fumbi ndi nsalu youma, kapena maburashi a makina otsukira galimoto.

Itangofika sitinaikhudze. Injini yake ili kumbuyo, choncho mbali yonseyo imakhala yotentha, ndipo sopo akagwera pa penti wotentha amauma msanga n'kusiya mabanga. Itazizira tinayamba ndi marimu, kenako thovu thupi lonse kwa mphindi 5 kuti dothi lifewe, n'kutsukuluza. Potsuka ndi manja pamafunika ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuyambira padenga kutsika m'munsi. Mankhwala ochotsa tizitsulo tochokera ku mabuleki anasanduka a pepo m'munsi mwa zitseko, chizindikiro choti tinalipo tambiri. Galimoto ikakhala ndi mabuleki a carbon ceramic (amene madisiki ake si achitsulo), mankhwala amenewa asafike pa madisiki. Tinamaliza ndi clay bar (chinthu chonga dongo chochotsa zomatirira) pa penti wonyowetsedwa bwino. Kachidutswa ka clay kakagwa pansi n'kotaya basi, chifukwa mchenga umene katola ukanda galimoto yonse.

Cha m'ma 10 koloko tinayeza kuchindikala kwa penti, ndipo apa ndi pamene ntchito yonse yagona. Polishi sadzaza mzere, amapala clear coat, penti woonekera wa pamwamba uja, mpaka pozungulira patsike kufanana ndi pansi pa mzerewo. Penti wa kufakitale, zigawo zonse pamodzi, kawirikawiri amakhala ma micron 100 mpaka 180, ndipo clear coat yekha ndi ma micron 35 mpaka 50. Milimita imodzi ndi ma micron 1,000. Clear coat amene mwapala sabwereranso.

Malo ambiri geji (kachipangizo koyezera penti) inawerenga ma micron pakati pa 115 ndi 140. Chitseko chakumanzere chinapitirira 300, kutanthauza kuti chinapentedwaponso. Nambala yaikuluyo isakunamizeni: geji wamba imawerenga zigawo zonse, sikuuzani kuti clear coat yekha watsala wochuluka bwanji, ndipo penti wobwereza amatha kukhala wofewa kapena wolimba mosiyana ndi mnzake. Geji yomweyo imagwira pa chitsulo ndi aluminiyamu pokha. Pa bampala ya pulasitiki ndi pa carbon fibre pamafunika ya ultrasonic (yoyeza ndi mafunde a mawu), ndipo ngati palibe, malo amenewo muziwatenga ngati opyapyala.

Tepi tinamata pa malabala a mawindo, mapulasitiki akuda, mabaji ndi m'mphepete mwa filimu yoteteza penti imene ili kutsogolo, chifukwa polishi akalowa m'mphepetemo amasiya mzere woyera wovuta kuchotsa.

Tinayesa kaye pa kachigawo ka masentimita 40 mbali zonse pa boneti, ndi makina opolishira a dual action (ozungulira uku akugwedezeka), siponji yofewa ndi polishi wosalala. Nthawi zonse muziyamba ndi chofatsa. Timizere tambiri tinachoka koma takuya tinatsala, ndiye pa boneti ndi padenga tinagwiritsa ntchito compound (polishi wopala kwambiri) ndi padi (chopolishira chomata ku makina) ya microfibre, kenako polishi wosalala kuti chifunga chimene compound amasiya pa penti wakuda chichoke. M'mbali polishi yekha anakwanira.

Kagwiridwe kake nkofanana paliponse. Timadontho 3 kapena 4 ta polishi pa padi, kumwaza ndi liwiro lotsika, kenako kukweza liwiro. Dzanja liziyenda pang'onopang'ono, masentimita 2 kapena 3 pa sekondi, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, chopingasa kenako chotsika. Padi igone yonse pa penti. Lembani kamzere ndi cholembera kumbuyo kwa mbale yogwira padi: kamzereko kakasiya kuzungulira, mwakanikiza kwambiri kapena mwapendeketsa makina, ndipo palibe chikupalidwa. Izi zimachitika kwambiri pa mapewa okhota a pamwamba pa matayala akumbuyo, n'chifukwa chake pamenepo tinasintha n'kuika padi yaing'ono ya mamilimita 75. Chigawo chilichonse chikatha, padi ipemereredwe ndi mpweya kapena ipalidwe ndi burashi. Padi yodzaza polishi wouma imatentha, imatulutsa fumbi, ndipo imabweretsa timizere tatsopano.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Chitsulo chimamwaza kutentha, pulasitiki ndi carbon fibre zimakusunga pamalo amodzi, choncho pa bampala liwiro litsike ndipo muzikhudza ndi kuseri kwa dzanja pafupipafupi. M'mizere yakuthwa ya thupi penti amakhala wopyapyala, makina asaime pamenepo. Ena amakonda makina a rotary (ongozungulira basi, osagwedezeka) chifukwa amapala msanga, koma m'manja osazolowera amawotcha penti ndi kusiya mizere yowala ngati utsi imene imaonekera padzuwa pokha.

Pa chitseko chakumanja pali mzere umodzi umene chikhadabo chimakodwamo. Umenewo tinangoufewetsa m'mbali kuti usamaonekere patali, n'kuusiya. Kuuthamangitsa mpaka uthe kukanadya clear coat wambiri, ndipo pamapeto pake chitseko chikanafunika kupentanso.

Masana atapendeka tinapukuta thupi lonse ndi IPA (isopropyl alcohol, mankhwala ochotsa mafuta) wosungunula, gawo limodzi pa magawo 5 a madzi. Mafuta a mu polishi amabisa timizere, n'kuoneka ngati ntchito yatha, koma galimoto ikatsukidwa kawiri timizereto timatulukanso. Tochi inaonetsa malo awiri pafupi ndi chogwirira chitseko ofunika kubwereza.

Wakisi anali wa carnauba, amene amachokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Pa penti wakuda amapereka kuwala kozama, kungoti sakhalitsa: miyezi 1 mpaka 3, pamene sealant (mankhwala ochita kupanga oteteza penti) amafika miyezi 4 mpaka 6. Amapakidwa mopyapyala kwambiri ndi kasiponji, gawo limodzi pa nthawi, pamthunzi. Kupaka wochindikala sikuwonjezera chitetezo, kumangovutitsa popukuta. Pakapita mphindi zimene zalembedwa pachitini, dutsitsani chala: pakatsala poyera, wauma, pukutani ndi nsalu ya microfibre yopinda kanayi, kumatembenuza mbali. Akamatambasuka ngati mafuta, dikirani. Chitseko chobwereza penti chija tinachipaka titatsimikiza kuti ntchitoyo ndi yakale, chifukwa penti watsopano amafuna masiku 30 mpaka 90 asanalandire wakisi. Penti wa matte (wosanyezimira) ndiye salandira polishi kapena wakisi wonyezimiritsa ngakhale pang'ono.

Galimoto igona m'kati usiku uno osakhudza madzi. Mawa m'mawa tiichotsa tepi yotsala ya m'mabaji, tiipukutanso ndi nsalu youma yoyera chifukwa carnauba nthawi zina amatulutsa kachifunga pakapita maola, kenako tiitulutsa padzuwa kuti tione mapewa akumbuyo aja.