Dimba la munthu waulesi

Apongozi anga aakazi atabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete, ndinati ndiwaonetse kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wozindikira. Anzanga amatengera alendo ku Manda Hill kukanyambita ayisikilimu. Ine ndinawatengera ku Showgrounds, kunyumba ya zojambula ya Henry Tayali.

Tinaima pa chithunzi china chojambulidwa ndi makala. Dimba. Mizere ya lepu wofota, chibwabwa chitayanga mpaka pakhoma la mabuloko, khasu lili gone m'udzu, pakona pali dramu yopanda madzi. Ndinakhosomola pang'ono, manja kumbuyo.

"Amayi, apa wojambula akulira chilala cha 2024. Mukukumbuka madzi atatsika ku Kariba, malaiti n'kumapita tsiku lonse? Dramu iyi ndiye Kariba. Lepu wofotayu ndife, mtundu wonse wa Zambia."

Apongozi anangoti, "Ooo." Anthu ena anasendera kudzamvera nawo, ndipo mutu unakula.

"Koma taonani udzuwo. Chilala sichimeretsa udzu chonchi. Mwini dimbali ndi mlesi, mmodzi wa aja odzuka dzuwa lili pamutu n'kumanamizira boma. Khasu mpaka dzimbiri! Munthu wotere kumupatsa mwana wanu, amayi, ndi kutaya."

Mkazi wanga ananditsina m'nthiti. Ndinayesa chikondi.

Apongozi anatulutsa magalasi m'chikwama, n'kuyandikira pomwe panajambulidwa thalauza lopachikidwa pamtengo loopsezera nkhuku. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"A bambo a Tiyanjane, chigamba cha kumatakochi si chija ndinasoka ine pa Khirisimasi?"

Malovu anauma. Dramu ija ndinaizindikira, ndi kuphwanyika kwake komwe. Ndisanapeze chonena, kumbuyo kunamveka mawu: "Ankolo, mwabwera!" Kamtsikana ka aneba athu ku Kalingalinga, kaja kamakhala pamwamba pakhoma ndi kope masana onse, ine n'kumakathamangitsa poganiza kuti kakuwerenga mango anga.

"Sindinawonjezere kanthu, ankolo," kanatero mokondwa. "Mpando uja mumagonapo ndi umene ndinausiya, pepala linachepa."

Ndinafuna kugula chithunzicho kuti ndikachibise kuseri kwa wadirobu, koma apongozi anali atamasula kale mfundo ya chitenje. Sananenerere n'komwe, iwo amene amakangana ndi wogulitsa tomato ku Soweto chifukwa cha kwacha imodzi.

Pano chili pabalaza ku Katete. Achibale a mkazi wanga akaimba foni, asanafunse za ana amayamba ndi kuti, "Alamu, Kariba yadzaza?"