Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chifukwa chake tinakhala chete usiku uja

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndachedwa. Gawo lapita lija, la tsiku limene tinataya asilikali athu awiri kunkhondo, lautsa mapiri pachigwa. Mayi amene munalemba kuti wanunso anapita osabwerako, mawu anu ndawerenga kawiri, Mulungu akutonthozeni. Koma pali bambo wina, mukumudziwa, amene gawo lililonse amanditcha wabodza wolipidwa chifukwa tinatha usiku wonse osatchula maina. Bambo, lero za ine ndayamba ndaziika pambali. Ndikufotokozereni mmene ntchito imene ndinkagwira, ya mneneri wa asilikali, imayendera, mukamatukwana muzitukwana chinthu chimene mukuchidziwa.

Msilikali akafa kunkhondo, uthenga woyamba umafika pa wailesi ya asilikali m'chipinda choyendetsera nkhondo. Uthenga woyambawu kawirikawiri umakhala ndi cholakwika. Wouperekayo akulankhula zipolopolo zikulira, wawerenga ovulala ngati akufa, kapena munthu mmodzi wamuwerenga kawiri. N'chifukwa chake mneneri wabwino amakhala m'chipindamo n'kumamva yekha, osati kudikira ku ofesi kuti amuuze. Ola loyamba lisanathe amalemba kachikalata kafupi kopita kwa atolankhani: kuti kwachitika kuwomberana, tsiku lake, dera lake mongoyerekeza, ndi kuti zambiri zinenedwa abale akadziwitsidwa. Chiwerengero chimalowamo pokhapokha dokotala atatsimikiza. Komanda amasainira, kenako chimatuluka. Mukachedwa nacho kachikalata aka, adani ndi amphekesera amakulankhulirani, ndipo chimene anthu amva poyamba ndicho amachigwiritsa.

Nthawi yomweyo mafoni ndi intaneti za mumsasa zimatsekedwa. Asilikali a Britain ku Afghanistan ankatcha lamuloli Op Minimise. Anyamata amadana nalo, chifukwa aliyense amafuna kuuza mkazi wake kuti ali moyo. Cholinga chake n'chimodzi: mayi asamve za imfa ya mwana wake kudzera pa chithunzi chimene mnzake waika pa Facebook n'kulembapo kuti usa mumtendere.

Taganizani mayiyo. Ali pakhomo, foni yalira, wachibale akufunsa kuti kodi zimene ndikuona apazi n'zoona? Iye sakudziwa kanthu. Akuimbira mwana wake, foni siikupezeka. Akuimbanso. Palibe womugwira dzanja, palibe womuuza kuti zachitika bwanji, thupi lili kuti, libwera liti. Ndipo nthawi zina chithunzicho chimakhala cha mwana wina wa dzina lofanana, mayi n'kulira usiku wonse maliro a munthu wamoyo. Pofuna kupewa zimenezi, womwalirayo amayamba watsimikizidwa bwinobwino ndi kachitsulo ka dzina kamene amavala m'khosi, ndi anzake amene anali naye, komanso ndi dokotala. Akatero, anthu osachepera awiri ovala yunifolomu, kawirikawiri ofesala ndi m'busa wa asilikali, amapita kukauza wachibale amene mwiniwake analembetsa pa fomu, maso ndi maso. Apa pali vuto lina limene ambiri saliganizira: fomuyo imakhala yakale, munthu anakwatira kapena makolo anasamuka, onyamula uthenga n'kumangozungulira. Ku America dzina limatuluka pakatha maola 24 banja litauzidwa.

Sindikubisirani, njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Mukalengeza kuti asilikali awiri afa osatchula maina, mabanja onse a gululo sagona. Anthu mazana amazunzika usiku umodzi kuti mabanja awiri amve mwaulemu. Amene anaigwirapo ntchitoyi amaudziwa usiku umenewo, foni ya ku ofesi ikulira osaleka, mawu a mzimayi akuti tangondiuzani kuti si wanga, iwe n'kumayankha kuti mayi, sindingathe kunena. Ngakhale ukudziwa kuti wake ali moyo sunena, chifukwa amene sumuyankha choncho adziwa kuti ndi wake.

Kukhala chete ndi kunama n'zinthu ziwiri, ndipo apa ndi pamene bambo aja amasokoneza. Pat Tillman, katswiri wa mpira wa ku America amene analowa usilikali, anafa ku Afghanistan mu April 2004 atawomberedwa mwangozi ndi anzake. Banja lake linauzidwa kuti anaphedwa ndi adani. Patatha milungu pafupifupi isanu zoona zinatuluka, ndipo mu 2007 nkhaniyi inafika ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Kale ku Saigon, pa nkhondo ya Vietnam, msonkhano wa tsiku ndi tsiku wa aneneri a asilikali atolankhani anaupatsa dzina lonyoza lakuti Five O'Clock Follies, ngati zisudzo za 5 koloko, chifukwa zonenedwa m'menemo zinkasiyana ndi zimene ankaona ndi maso kubwalo la nkhondo. Mneneri akagwidwa bodza kamodzi, ngakhale tsiku limene akunena zoona palibe womumvera. N'chifukwa chakenso ntchito yonyenga adani imapatsidwa kwa anthu ena, mneneri saikhudza.

Zimene amaloledwa kubisa n'zodziwika, ndipo mtolankhani amene akuyenda ndi asilikali amasainira pepala lake asanakwere galimoto. Sanena za nkhondo imene isanachitike, kuchuluka kwa asilikali ndi zida, kapena malo enieni amene gulu lili. Sanena pamene bomba la adani lagwera, chifukwa ukawauza kuti laphonya ndi mamita angapo wawathandiza kulozetsa lotsatira. Ndege ikagwa, sanena mpaka ofufuza woyendetsa atamaliza. Mu May 1982, pa nkhondo ya Britain ndi Argentina ku zilumba za Falklands, wailesi ya BBC World Service inaulutsa kuti asilikali a Britain ayandikira mudzi wa Goose Green nkhondo ya pamalowo isanayambe, a Argentina ali ndi mawailesi awo. Mu 2003 ku Iraq, Geraldo Rivera wa Fox News anajambula mapu pamchenga pa kanema, kusonyeza pamene gulu limene anali nalo linali, ndipo anachotsedwako.

Masiku ano woulula chinsinsi nthawi zambiri si mtolankhani, ndi msilikali mwiniwake ndi foni yake. Chithunzi cha pafoni chimasunga malo amene chajambulidwa. Asilikali a America ananena okha kuti mu 2007 zigawenga ku Iraq zinapeza malo a mahelikopita atsopano kudzera m'zithunzi zimene anyamata anaika pa intaneti, n'kuwononga mahelikopita anayi a mtundu wa Apache. Mu 2018 mapu a Strava, amene amasonyeza njira za anthu othamanga, anaonetsa mizere ya misasa m'chipululu. Choncho chithunzi chisanatuluke, wochiyang'ana saona nkhope zokha. Amaona mapu ali pakhoma kumbuyo, nambala ya galimoto, milongoti ya wailesi, phiri limene munthu wa m'deralo angalizindikire, kenako amafufuta chizindikiro cha malo chija.

Povuta kwambiri ndi pamene afa ndi anthu wamba. Komanda wokwiya amafuna kuti mukane msanga. Musakane. Nenani kuti mwamva, mukufufuza, ndipo mubweranso ndi yankho, tsikulo likafika mubweredi. Ndege ya America itaphulitsa chipatala cha bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ku Kunduz m'dziko la Afghanistan pa 3 October 2015, anthu 42 n'kufa, mafotokozedwe a asilikali anasintha kangapo m'masiku ochepa, ndipo kusinthasinthako kunakhala mlandu wina pamwamba pa mlanduwo. Anthu a m'mudzi umene mukulondera amawerenga okha manda awo. Mukawanamiza, mawa sakuuzani pamene pakwiriridwa bomba.

Bambo, funso lanu lina lija, lakuti n'chifukwa chiyani sindinatule pansi udindo abwana anga atasintha chikalata chopita kwa atolankhani, ndaliona. Limenelo lili ndi gawo lakelake, Loweruka likubwerali.