Hatchi yathu ya ku Dedza

Mlandu wonsewu unayamba ndi pakamwa pangapa. Mwana wanga wamkazi ali sitandade 3, tsiku lina wabwera ndi buku la zithunzi nde akundifunsa, adadi munayamba mwaionapo hatchi? Ine mmalo mongoti eya, ndinaiona ku Zomba paphiri paja, basi nkhani ithe, ndinati mwana iwe, kwathu ku Dedza tinali nayo yathuyathu. Abale anga, anali bulu. Bulu wa ngolo, wotuwa, khutu lakumanzere long'ambika, dzina lake Bwanankubwa chifukwa asanadye madeya samanyamuka, kaya mumukwapule kaya mumugwadire.

Bambo anamugulitsa mu 2016, chaka chija mvula inavuta mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, ndalama yake yonse inathera chimanga. Ine ndinali kale ku Lilongwe, sitinatsanzikane nkomwe.

Mwana uja kukauza kalasi yonse, aphunzitsi nawo eti abweretse chithunzi. Nde Loweruka ndavala shati yoyera ya kutchalitchi, minibasi mpaka pa Chimbiya, pulani yanga inali yoti ndikamupeza ndimujambule chapatali, makutu asaoneke bwinobwino. Bambo ataimva anangopukusa mutu nkuti anagula ndi mkulu wina wolima kachewere cha ku Lobi, pita ukadzionere wekha.

Wa kachewere uja nditangotchula za khutu long'ambika nkhope inasintha. Akuti achimwene, ndinu eni ake a chinthu chija? Chimakhala pansi pakati pa msewu matumba ali mngolo, anzanga nkumafika pamsika ine ndikuchinyengerera. Anachigulitsa chaka chisanathe kwa woumba njerwa. Woumba njerwa sanafune ndi kundipatsa mpando omwe, anangoloza ndi mlomo kuti anabwezera ngongole kwa alamu ake cha ku Mitundu, ndipo mpaka lero sayankhulana. Wa kabaza wanga apa nkuti akuseka mpaka njinga kumapita mmbali, mtengo nawo akungokweza mudzi uliwonse tikadutsa.

Tafika cha mma 3 koloko, padambo pali abulu angapo akudya. Ndikuyang'ana, uyo! Wotuwa, khutu lakumanzere long'ambika. Sindinama, misozi inalengeza, ndinakumbuka tikupita kuchigayo mbandakucha kukuzizira ine nditafunda thumba. Ndinamukumbatira mkhosi ndikuti Bwanankubwa, wanenepatu iwe, moyo wakukomera eti. Koma pomwe anaima kumbuyo kunali ngolo, chithunzi chikanaulula zonse, nde ndinamasula chingwe kuti ndimukokere pachulu. Apa ndi pomwe ndinapusa, munthu wobadwira kumudzi kumasula chiweto cha eni osaodira.

Mayi wina amachapa pachitsime anangoti wakubaaa! Bulu kudzidzimuka, kutembenuka, phaa! pantchafu. Ndinakapezeka chagada mmatope, foni uko, nsapato imodzi uko, ndisanadzuke anyamata a zibonga andizungulira kale. Wa kabaza ndimamudalira kuti andichitira umboni anali atayimitsa njinga kutaliko, akuonera ngati sakundidziwa.

Kwa anyakwawa anandikhazika pansi, shati ya kutchalitchi itasanduka ya kudimba. Ndinawomba mmanja, zikomo mfumu, ine si wakuba, ndimafuna ndimujambule kuti aoneke ngati hatchi. Bwalo lonse linangoti zii kaye, kenako gogo wina kumbuyo anayamba kutsokomola ndi phwete basi onse anagwa nazo. Mwini wake anadikira phokoso lithe nkundifunsa mwaulemu kwambiri, bwana, bulu wanuyo anali wamwamuna kapena wamkazi? Ndati wamwamuna. Akuti nanga uyu mumamulirirayu ali ndi bere, mwezi wamawa aswa, si kunenepa kumene kuja.

Za khutu eti anatengera kwa wathu yemweyo, ataona kuti chizindikiro nchabwino anangodula abulu ake onse chimodzimodzi. Mfumu inagamula nkhuku imodzi, yoti ndinamasula chingwe komanso kudzidzimutsa wapakati. Nkhuku ndinalibe, ndinatumiza ndalama pafoni, netiweki nayo kuvuta mpaka mnyamata wina kukwera nayo pachulu chomwe chija.

Nditalipira ndi pomwe akundiuza kuti mkulu wanuyo alipo, ali kuseri pansi pa mango, ntchito anasiya yekha kalekale palibe anamupumitsa. Ndinamupezadi, nthiti zikuwerengeka, kumaso kwayera, koma mwano uli pomwepo. Ndinayimba kamluzu kathu kakale kaja, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka phazi lopanda nsapato, nkutembenuka kundilozetsa mchira. Zaka zonsezi, mafuta a kabaza, nkhuku, ntchafu yotupa, mxii.

Chomwe anakumbuka ndi fungo. Mthumba la thalauza munali chimanga chootcha ndinagula pa Chimbiya, ndili kalikiliki kupukuta foni ndinangomva kukoka, watenga chimanga ndi thumba lomwe, thalauza kung'ambika mpaka mbondo. Chala changa chinadina chokha, chithunzi chomwe ndinabwera nacho ndi chimenecho, mano ndi makutu awiri atadzaza sikilini yonse.

Usiku mwana wachiyang'anitsitsa nkuti adadi, hatchi yanuyi bwanji ikufanana ndi abulu a makala aja? Mayi ake ali pakhomo la kukhitchini manja mchiuno kudikira yankho. Ndinati mwanangu, ku Dedza kumazizira kwambiri, nde hatchi zakumeneko makutu amatalika kuti zizifunda. Anakalemba zimenezo mkope, ndipo aphunzitsi atumiza uthenga kuti Lolemba ndikaonekere kusukulu.