Shopu yathu ya mawotchi a anthu a liwiro

Tinayamba ine ndi alamu anga ku Joni, m'kachipinda ka tebulo limodzi, nyale ndi kagalasi koika padiso. Ntchito inali ya aliyense wokonza mawotchi: kusintha mabatire, kufupikitsa malamba. Ndalama yake inkangokwanira lendi ndi ufa.

Zinasintha pamene azibambo achikulire anayamba kutibweretsera mawotchi a makolo awo, otoledwa m'madilowa. Ambiri anakula akupita ku Kyalami, bwalo la mpikisano wa magalimoto ku Midrand, komwe Formula 1 inafika mu 1967 n'kudzathamanga komaliza mu 1993. Kuyambira 1971 mpaka 1979 kampani ya mawotchi ya Heuer ndiyo inkawerengera nthawi timu ya Ferrari, dzina lake lili pa magalimoto ofiira aja. Ndiye Jody Scheckter, mwana wa ku East London kuno ku South Africa, atatenga ukatswiri wa dziko lonse ndi Ferrari mu 1979, Heuer inali wotchi yosiririka kuno. Pamenepo tinasiya za mabatire n'kuyamba kuphunzira makina a mawotchi ochita kupukusa.

Autavia, Carrera ndi Monaco ya makona anayi ija ndi mawotchi a Heuer, ndipo zonsezi ndi ma chronograph, mawotchi oyezera nthawi ya mpikisano. Ukadina batani lapamwamba, muvi wautali umayamba kuyenda. Pa mawotchi ena, manambala a m'mphepete amakuuza liwiro: galimoto ikatha kilomita imodzi m'masekondi 20, muvi umaloza pa 180. Za makina a m'kati otchedwa Calibre 11 a mu 1969 sizivuta kuzindikira, chopukusira chili kumanzere pomwe mabatani ali kumanja.

Lamulo lathu ndi limodzi, ndipo timakangana nalo ndi makasitomala pafupipafupi: sitipukuta chitsulo kuti chiwale ngati chatsopano, komanso sitipentanso nkhope ya wotchi. Munthu amafuna wotchi ya bambo ake inyezimire, timamvetsa. Koma ogula enieni amalipirira mikwingwirima yomweyo ndi utoto wa mivi umene unasanduka wachikasu. Ukangoisalaza pa makina, ngodya zimafafanizika, mtengo n'kugwa. Ife timatsuka za m'kati, kuthira mafuta, kusintha chokhacho chomwe chatha.

Achinyengo nawo ndi ambiri. Wina amabwera ndi wotchi n'kumalumbira kuti ndi ya m'ma 1970, koma pankhope palembedwa TAG Heuer. Kampani ya TAG inagula Heuer mu 1985, ndiye nkhani imathera pomwepo. Ovuta ndi aja osakaniza, nkhope yeniyeni koma makina a wotchi ina, n'chifukwa chake sititchula mtengo tisanatsegule kumbuyo.

Chotisowetsa tulo ndi zipangizo. Tizitsulo ta makina a Valjoux 72, a m'kati mwa ma Heuer ena akale, timaitanitsa ku Ulaya, ndipo wotchi imatha kugona m'kabati miyezi ingapo kudikirira kasipuling'i kamodzi kochepa ngati tsitsi. Timamuuziratu kasitomala tsiku loyamba kuti ngati akuifuna pa ukwati wa Loweruka, abwereke ya mnzake.